Khadi la Mgonero

Komponi ya mgodi, Joni
16 Novembala 1958

Okondedwa amake Elsie,

Monire, a NyaJere. Mwaona, Chitumbuka chanu sindinachiiwale, ngakhale munkandiseka kuti ndimachilankhula ngati ndili ndi mbatata yotentha m'kamwa. Ine kuno ndili bwino, kaya inu ndi ana ku Katoto.

Kalata yanu yafika Lachinayi. Ndaiwerenga katatu, kachinayi ndawerengera anzanga a m'chipinda mpaka anatopa nane. Mwana wamwamuna, ndipo nonse muli moyo. Mulungu ngwabwino. Dzina la Hudson ndalivomera. Mwati mphuno watenga yanga. Mumupepese, sanalakwe kanthu mwanayo.

Ntchito ndi yomwe ija yopakira miyala pansi pa nthaka. Timatsika dzuwa lisanatuluke, potuluka thupi lonse lili mbuu. Pansipo pamatentha moti ndikamatuluka thukuta ndimakumbukira nkhungu ya ku Mzuzu, ija inkatiphimba m'mawa tikupita ku esiteti, munthu osaona ngakhale phazi lake. Ndinkaitukwana nkhunguyo. Lero wina atandigulitsa m'botolo ndikhoza kugula.

Jasper wa ku Lupaso akubwerera kumudzi mwezi uno, ndamupatsira bulangete la mwana ndi nsalu yanu yobiriwira. Udzu wa denga mbali ya kukhitchini muuwonjezere mvula isanalimbe. Mbewu ya chimanga mukatenge kwa amayi anu, ya kusitolo ija chaka chatha inatinamiza.

Tsopano za ubatizo. Mwati a Zebedee Nyasulu, mkulu wa mpingo, akuti mwana sangabatizidwe mpaka bwalo la akulu litaona khadi langa la Mgonero la kuno, popeza kumeneko ndikadali wodulidwa chifukwa cha mowa uja. Sakulakwa, mwambo ndi womwewo. Ndinakuuzani kale kuti kuno ndimadya pa gome la Ambuye, ndipo si bodza. Khadi lilipo. Ndidzatumiza, musade nkhawa.

Ndine mwamuna wanu,
Meckson Kamphinda


11 Januwale 1959

Amake Elsie,

Moni wa chaka chatsopano kwa inu, kwa Elsie ndi kwa bwana Hudson. Ine ndili bwino, kungoti chifuwa cha fumbi chimabwera n'kupita.

Khirisimasi ya kuno si Khirisimasi ayi. Anatipatsa nyama yambiri, ena anavina, ena anamenyana, basi. Ine ndinapita kutchalitchi chathu cha Anyasa ku lokeshoni, ulendo wa ola lathunthu wapansi. Tinaimba bwino, koma mtima wanga unali ku Katoto. Ndinkaona ife tikupita kutchalitchi chaudzu chija, nsapato zili m'manja chifukwa cha matope ofiira, Elsie ali pakhosi panga akundipaka masuku m'tsitsi. Ndinkamva chitsulo cha gudumu la lole chija timachiyesa belu. Kodi chikadalendewerabe pamtengo paja? Ndipo bowa wayamba? Kuno bowa amamuopa, akuti ndi chakudya cha afiti. Anthu osauka.

Mwandifunsanso za khadi, ndipo ndaona kuti cholembera munachikanikiza. Amake Elsie, khadi si chinthu chongoponya m'positi ngati moni. Likasowa panjira nditani? Komanso mlaliki wathu, a Stanford Chavula, amalifuna nthawi ya Mgonero kuti alembepo. Dikirani pang'ono. Mwana akadali wakhanda, madzi a ubatizo sauma.

Kodi mnzanga Overtoun Msowoya ali bwanji? Pa Khirisimasi ndiye ankatsogolera nyimbo, mawu ake aja ogwedeza udzu wa denga. Ndimamukumbukira kawirikawiri atakhala pa sutikesi yake pambali pa lole ya Wenela yotengera anthu kumigodi, tsiku lija tinkayenera kunyamuka tonse, akukana kukwera chifukwa kalata yake ya mpingo inali itasowa. Ankati, "Ine sindingapite kudziko la eni ngati munthu wopanda kwawo." Ndinkayesa adzanditsatira ndi lole yotsatira. Kodi abusa sanamulembere ina? Akudikira chiyani?

Tikumva kuti kumudzi misonkhano ya Kongeresi yachuluka, anthu akukana Chitaganya poyera. Inu muzingopita kumunda ndi kutchalitchi. Overtoun mumuuze kuti ukalipentala umamukhala, za misonkhano asiyire ena.

Wanu,
Meckson


22 Malichi 1959

Amake Elsie,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani amoyo. Ine thupi lili bwino. Yanu sindinalandire chiyambire mwezi uno, ndipo akuti makalata akutsegulidwa panjira, choncho sindilemba zambiri.

Tamva zonse. Tamva kuti boma lalengeza Emejensi, kuti asilikali abwera kuchokera ku Rodeshiya, kuti ku Nkhata Bay anthu afa. Kukomponi Anyasa tonse tasanduka amodzi. Wa ku Mulanje ndi wa ku Karonga, amene kale sankabwerekana ngakhale mchere, pano akukhala pabedi limodzi kufunsana kuti wamva chiyani. Ngakhale aja ankapita kumowa Lamulungu ayamba kutitsatira kutchalitchi.

A Chavula analengeza sabata ya kusala kudya ndi kupempherera dziko lathu. Anati munthu asathamangire kuloza Mzungu kapena Kongeresi, ayambe wayang'ana m'nyumba mwake, chifukwa Mulungu samva pemphero la munthu wobisa tchimo m'thumba. Ine ndinangoti ameni pamodzi ndi anzanga.

Lero anawerenga maina a anthu ogwidwa, monga mmene akubwerera m'makalata a anthu. Tinali titagwada. Anawerenga a ku Blantyre, a ku Ntcheu, a ku Rumphi. Kenaka anati, "Overtoun Msowoya, wa ku Mzuzu." Amake Elsie, ndinaweramitsa mutu. Tchalitchi chonse chinatukula mitu n'kuyang'ana ine. Chifukwa chake ndidzakuuzani, lero sindingathe.

Kodi n'zoona? Anamutengera kuti? Pitani kwa mkazi wake Hilda mukamuone, mumutengereko ufa ndi nyemba. Ngati akuopa kugona yekha abwere azikhala kwathu, malo alipo.

Nkhuni muzitola pafupi, kunkhalango musapite. Asilikali akakufunsani za ine, nenani kuti ndili ku Joni, muwaonetse makalatawa.

Sabata yamawa ndi Pasaka, kuli Mgonero. Mundipempherere.

Meckson


10 Meyi 1959

Amake Elsie,

Moni. Yanu ya pa 19 Epulo ndailandira. Mwati Hudson akutsokomola usiku ndi usana chiyambire kuzizira, ndipo mwati, "Mwanayu akatisiya wosabatizidwa, ine ndidzamuyankha chiyani Chiuta?" Mawu amenewo andilanda tulo. Pitani naye kuchipatala, musadikire. Ndipo khalani pansi muwerenge izi nokha, Elsie akasewere kunja.

Khadi sindingatumize chifukwa palibe dzina langa. Palembedwa Overtoun Msowoya.

Kalata yake ya mpingo ija sinasowe. Ndinaba ndine. Masana a tsiku lonyamuka lija, iye atapita ku Lupaso kukatsanzika amayi ake, ndinalowa m'nyumba mwake kukatenga chingwe chomangira katundu. Buku lake la nyimbo linali pamwamba pa sutikesi, kalatayo ili m'kati. Ndinaiwerenga. Inkati munthu uyu ndi Mkhristu wa mbiri yabwino, mumulandire pa gome la Ambuye. Ine ndinali nditakhala chaka chathunthu pa benchi la kumbuyo, anzanga akudya mkate ine ndikuyang'ana misana yawo. Zinkandiwawa, amake Elsie, kuposa mmene ndinkakuonetserani. Ndinati ku Joni ndikakhale munthu watsopano. Ndinati Overtoun ndi wokondedwa wa akulu, amulembera ina mawa lomwe. Ndinaipinda n'kuiika m'chipewa.

Atakana kukwera lole ndinali pompo, chipewa chili kumutu. Ndinamuthandiza kufunafuna.

Kumgodi ndine Meckson ndi nambala yanga. Kutchalitchi, kumene kulibe wa ku Mzuzu wondidziwa, ndine Msowoya. Ankandiseka kuti Msowoya wanji wosatha Chitumbuka, ine n'kumati ndinakulira kwa amayi ku Dowa. Anandipatsa khadi, anandiika m'kwaya. Tsiku lija dzina litawerengedwa, a Chavula anandifunsa pakhomo kuti kodi ndi mbale wanu? Ndinati ndi mwana wa abambo aang'ono, maina anangofanana. Ndipo pa Pasaka ndinapita kutsogolo, ndinatambasula dzanja, ndinadya mkate ndi dzina la munthu amene ali m'waya wa ndende. Ndipo ndinameza.

Mwandilembera kuti abusa anachedwa kubwera kuchokera ku Ekwendeni, kenaka mvula inadula msewu, kenaka Hilda anaima, ndiye Overtoun anati apita chaka chino. Ndiye kuti ndikanapanda kugwira buku lija, bwenzi lero ali kuno akupakira miyala pambali panga, osati kundende kumene ngakhale mkazi wake sakukudziwa.

Ndakunamizani chaka chathunthu. Ndikuchita manyazi, ndipo ndikuopa. Nditukwaneni, koma mundiyankhe.

Meckson


26 Julayi 1959

Amake Elsie,

Ndikupatsani moni ngakhale simukundiyankha. Miyezi iwiri ndi theka tsopano. Tsiku la makalata ndimaima pamzere, kalaliki amangopukusa mutu ndisanafike n'komwe. Za Hudson ndamva kwa mphwake wa Jasper amene wangofika kumene, akuti chifuwa chachepa koma waonda. Kaya n'zoona, kaya amangondisangalatsa.

Ndikudziwa mmene mumakwiyira. Simukalipa inu. Mumangosesa pabwalo pamene mwasesa kale, mpaka dothi kuchita kuwala. Pano ndiyesa bwalo lathu ndi loyera kuposa la kwa DC.

Ndaulula. Ndinazengereza masabata asanu ndi limodzi, ndikunena zoona. Kenaka mwezi watha, Loweruka lokonzekera Mgonero, akulu atakhala pabwalo lawo, ndinalowa osaitanidwa. A Chavula anati, "A Msowoya, muli ndi mawu?" Ndinati, "Ine si Msowoya. Ndine Meckson Kamphinda, wodulidwa wa ku Mzuzu." Ndinaika khadi patebulo n'kufotokoza zonse, kuyambira pa buku la nyimbo.

Mkulu wina wa ku Nkhotakota anati andithamangitse, chifukwa ndadya chiweruzo kanayi konse ndipo ndadetsa gome. Sindinamutsutse. A Chavula anapukuta magalasi awo. Kenaka anati, "Takhala tikupempherera Overtoun Msowoya Lamulungu lililonse kuti atuluke. Nanga uyu, ndani ankamupempherera?" Anagamula kuti ndikhale pa benchi la kumbuyo chaka chathunthu, ndilowenso kalasi ngati mwana, ndipo ndiime pamaso pa mpingo ndinene dzina langa.

Ndinaima m'mawa mwake. Ndinanena dzina langa. Ena a m'kwaya sandipatsanso moni. Ena amaiwala n'kundiitana a Msowoya, kenaka amaluma lilime.

Kalata ya Overtoun ija, pamodzi ndi khadi, ndazitumiza kwa a Zebedee ndi kalata yofotokoza. Ndawapempha kuti aiwerenge pabwalo la akulu, ndipo zinthuzo akapereke kwa Hilda. Si zanga. Ndikudziwa kuti manyazi agwera inu amene muli pafupi, muziyenda pamsika anthu akukulozani ndi milomo. Pepani. Njira ina sindinaione.

Kuno kukuzizira, madzi akuundana m'ndowa. Koma ndi kuzizira kouma, kopanda fungo. Kwathu mwezi uno kumanunkhira utsi ndi mbatata yootcha, mvula yowaza ija ikugwa osaleka. Mwana mumufunditse bulangete lija, musalisunge m'bokosi kudikira alendo.

Meckson


6 Disembala 1959

Amake Elsie,

Yewo chomene chifukwa cha kalata yanu. Inali ya mizere inayi, ndaiwerenga ngati buku. Ine ndili bwino. Chala chimodzi cha kumanzere mwala unachipsinja, anachidula nsonga, koma fosholo ndikugwira. Si nkhani.

Mwati Hudson wayamba kuima chogwirira mpando. Mwati akulu agamula kuti ubatizo udikire mpaka ine nditabwezedwa mu mpingo. Mwati Hilda anabereka mwana wamkazi, ndipo akakuonani amadutsa njira ina. Mzere wachinayi mwati, "Munda wake ndalima ndine, sanandithokoze, ndipo sindikufuna kuti andithokoze." Amake Elsie, ine sindikuyenerani.

Mwamva kale kwa anthu kuti nthawi yanga ya kumgodi inatha mu Okutobala ndipo ndinalembetsanso. N'zoona. Ndikabwera pano ndibwera wodulidwa kawiri, mwana n'kudikiranso chaka china. Ndimalize benchi langa kuno, ndibwere ndi khadi la dzina langa. Chifukwa china chiliponso, sindibisa. Sindikudziwa kuti Hilda ndingamuyang'ane bwanji.

Tikupempherabe Lachitatu lililonse madzulo tikaweruka. Maina ena a Chavula awachotsa pa pepala chifukwa eni ake atuluka. La Overtoun likadalipo. Akafika pamenepo amaima, ndipo ndimalitchula ndine kuchokera kumbuyo kwanga kuja. Sanandiuze kuti ndizitero, zinangoyamba.

Pa Khirisimasi muphe tambala wofiira uja ngati akadalipo, mwendo umodzi upite kwa Hilda. Akabweza, abweze. Elsie mumuuze kuti abambo ake akufuna kuona dzina lake atalemba yekha.

Meckson


19 Juni 1960

Okondedwa amake Elsie,

Monire mose. Ine ndili bwino, ndipo lero ndikunena zoona.

Envulopu yanu inafika yonenepa, ndinaopa kuitsegula. M'kati munali kalata yanu ndi kapepala kena, ndinayamba ndi yanu. Overtoun watuluka, wafika ku Katoto ndi lole ya makala, woonda, mano awiri palibe, koma wamoyo. Ndinaika kalata pansi n'kutuluka kunja, ndinazungulira komponi kawiri ngati wamisala.

Nditabwerera ndinapitiriza. Mwati Lamulungu lake loyamba anapita pabwalo la akulu, nawauza kuti mwana wa Meckson wadikira mokwana, iye aima m'malo mwa bambo. A Zebedee akuti mwambo sulola, iye akuti, "Mwambo unalola kuti ndigone m'waya miyezi khumi ndi inayi, ulole ichinso." Ndikumumva mmene ananenera. Ndipo mwati pa 5 Juni Hudson anabatizidwa pamodzi ndi mwana wa Hilda, anamenya dzanja la abusa, madzi n'kutayikira pa nsalu yanu yobiriwira. Mphuno yokha ayi, ndi khalidwe lomwe watenga langa. Ine kunalibe. Zimenezo zidzandiwawa mpaka kufa, koma mwana wanga ndi wobatizidwa.

Kenaka ndinatsegula kapepala ka Overtoun. Ndikukulemberani mawu ake chifukwa mwati anakupatsani atamata, simunawerenge.

"Meckson, mubali wane. Ndinadziwa tsiku lomwe lija, pakuti m'nyumba munalowa iwe wekha, ndipo pofunafuna sunavule chipewa ngakhale thukuta linkatsika. Ndinakhala pa sutikesi kudikira kuti unene wekha. Lole inanyamuka. Akulu ndinawauza kuti ndataya ndine, anandidzudzula. Ndinakukwiyira chomene, ndipo kundende ndinakutukwana masiku ambiri, sindikubisira. Kumisonkhano ndinapita ndi miyendo yanga, usadzitame kuti unandimangitsa ndiwe. Kuja kunalibe Mgonero. Pasaka ya chaka chatha ndinagona pasimenti ndikulira, ndimvekere Ambuye andichotsa pa gome lawo. Pano Hilda wandionetsa khadi lija. Ndaona palembedwa kuti pa 29 Malichi 1959 Overtoun Msowoya anadya Mgonero ku Joni. Ndiye kuti sanandichotse. Yewo, unandidyerako. Koma usadzachitenso."

Amake Elsie, ndinalira mokweza pamaso pa amuna khumi ndi asanu ndi mmodzi a m'chipinda mwathu, ndipo palibe anaseka.

Benchi langa likutha kumapeto kwa mwezi uno. Ndikabwezedwa ndikwera ulendo woyamba umene adzandilole. Ndayesa kumuyankha Overtoun, ndang'amba mapepala atatu. Mupite mukamuuze ndi pakamwa kuti ndawerenga, ndipo kuti ndikadzatsika lole ku Mzuzu ndidzayamba kufika kwa iye ndisanafike kwanu. Musadzakwiye.

Ndine mwamuna wanu,
Meckson Kamphinda